Nyumba ya lendi kwa Khwethemule: pepala lili m'dzina la ndani?

Asisi athu, lero tikambe za ndalama, popanda manyazi.

Ambiri a ife mwezi ndi mwezi timapereka lendi. Wina ku Ndirande, wina ku Bangwe, wina ku Area 25, wina ku Chibavi. Pa 30 pakangokwana ka meseji kalowa: "Mwatiiwalatu mwezi uno." Ndiye maganizo amabwera okha: bwanji nane nditamanga kanga kumudzi, anthu azindilipira ineyo? Ena a ife kwathu ndi kwa Khwethemule ku Thyolo, kumene tiyi amabiriwira mpaka polekezera maso, ndipo funso limeneli latipeza kangapo kuchokera kwa atsikana a kumeneko amene akugwira ntchito m'tauni, ena ali ku Joni. Yankho lathu ndi lakuti mangani. Mkazi amene ali ndi nyumba yakeyake sapirira zibakera chifukwa chosowa kolowera. Koma taona anzathu ambiri akutaya ndalama za zaka zisanu pa puloti imodzi, moti sitingangokuimbirani nthungululu osakuuzani pamene pali dzenje.

Tiyambe ndi malo enieniwo. Ku Thyolo nkhani ya malo ndi chilonda. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 700,000 m'bomali, pamene nthaka yabwino yambiri ili m'manja mwa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda, muja agogo athu ankagwira thangata kuti aloledwe kukhala pamalo. Satemwa inayamba mu 1923, ndipo mpaka lero tiyi wake akuthyoledwa. Pakati pa 2004 ndi 2011 boma, ndi ndalama za World Bank, linachita kusamutsa mabanja ambirimbiri a ku Thyolo ndi ku Mulanje kupita ku Machinga ndi ku Mangochi pa ndondomeko ija ya Kudzigulira Malo. Mukukumbukiranso a Vincent Wandale ndi gulu lawo la People's Land Organisation, mmene anagwedezera dziko pofuna kuti malo a maesiteti abwerere kwa anthu. Zonsezi tikuzitchula kuti mumvetse chinthu chimodzi: kumene malo akusowa chonchi, puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu atatu, ndipo munthu akamakutsatsani malo otchipa modabwitsa, pali wina m'banjamo amene sanauzidwe.

Kwathuku n'kwa chikamwini, tikudziwa. Mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, munda umadutsa kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Anthu a kwina amatisirira, amati akazi a ku Thyolo malo muli nawo kale, mukudandaula chiyani? Eya, tili nawo olima. Koma tayesani kunena kuti pamunda wa amayi paja mukufuna kumangapo mdadada wa zipinda zinayi muzilandira lendi. Amalume, eni mbumba, adzuka. Achemwali anu amene anatsala kumudzi, amene akhala akulima pamenepo inu muli ku Blantyre, adzuka, ndipo kunena zoona ali ndi mfundo. Malo a mbumba ndi a mbumba. Mukamangapo popanda kugwirizana kolembedwa, nyumbayo tsiku lina idzatchedwa "ya tonse", ndipo lendi azidzalandira amene ali pafupi.

Ndiye ngati mukumanga pamalo a makolo, khalani pansi ndi mbumba yonse, osati amayi okha. Mugwirizane malire, mulembe, anyakwawa ndi agulupu asaine ndi kudindapo. Kenako funsani za kulembetsa. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, limalola munthu kulembetsa malo otere m'dzina lake, ndipo limanena kuti mu komiti ya malo ya kwa gulupu, mwa anthu 6 osankhidwa, osachepera 3 akhale akazi. Mipando imeneyi ndi yathu, eti. Komiti ikakhala kuti kwanuko sinakhazikitsidwe, pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Thyolo mukafunse njira yake.

Ngati mukugula kwa munthu, apa ndiye dekhani kwambiri. Malamulo a 2022 aja anakhwimitsa nkhani yogulitsa malo a makolo komanso malo amene sipanachitike chitukuko chilichonse, choncho kapepala ka m'kope kolembedwa kuti "ine ndagulitsa malo anga" sikangakutetezeni monga mmene mukuganizira. Musanatulutse ngakhale K1, mukafunse ku khonsolo kuti malowo ndi a mtundu wanji: a makolo, a boma, a khonsolo, kapena ndi m'mphepete mwa esiteti mmene anthu anangolowamo. Zomalizazi zilipo, ndipo mwini wake akadzabwera ndi mapepala ake, nyumba yanu ya malata idzagwa inu mukuona. Wogulitsa akati malowo ali ndi lease, muone pepalalo ndi maso anu, mukatsimikize ku maofesi a za malo ku Blantyre kuti dzina lili pamenepo ndi lake ndiponso kuti sanaikitse malowo chikole kubanki. Dobadoba akamakufulumizitsani kuti "pali wina akubwera ndi ndalama mawa", musiyeni winayo agule. Ndipo yendani nokha pamalopo, mucheze ndi amayi oyandikana nawo, kumjigo kapena pamsika. Mphindi 20 za macheza amenewo zidzakuuzani zimene dobadoba sanganene: kuti pamalopo pali mlandu, kuti mwini wake weniweni ndi mayi wamasiye amene ali kuchipatala, kuti mvula ikagwa pamadutsa madzi.

Za mayi wamasiyezo tisazidutse msanga. Ife amene timalandira malipiro m'tauni tikhoza kusanduka olanda malo a akazi anzathu osazindikira. Mayi akugulitsa kamunda kake komaliza mu Januwale chifukwa m'nyumba mulibe ufa, kapena mwana wake wamwamuna akugulitsa iye osadziwa. Ndalama zathu zisagule zimenezo. Malo abwino a lendi si munda wa pakati pa mudzi; ndi puloti ya pafupi ndi msewu, msika, sukulu kapena chipatala, ndipo yotereyi imapezeka popanda kumusiya munthu wopanda polima.

Tsopano funso limene lili pamutu paja. Pepala lili m'dzina la ndani?

Nkhani yake timaimva kawirikawiri mpaka tinailoweza. Mtsikana akugwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, akutumiza ndalama mwezi uliwonse. Kumudzi achimwene ake ndi amene akuyendetsa zonse. Zithunzi zikubwera pa WhatsApp: maziko, pawindo, malata. Atabwera patapita zaka zinayi akupeza kuti nyumba ilipodi, koma pepala la malo lili m'dzina la achimwene, mita ya magetsi m'dzina la achimwene, ndipo alamu ake akukhala m'chipinda chachikulu. Wina anapatsa chibwenzi kuti "inu ndi abambo, mukalankhule ndi amfumu". Chibwenzi chinatha, puloti inapita nacho. Asisi, chikondi ndi chabwino, ubale ndi wabwino, koma pepala silimva zimenezo. Limamva dzina basi.

Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limanena momveka kuti mkazi ali ndi ufulu wopeza ndi kusunga katundu, payekha kapena pamodzi ndi ena, kaya ndi wokwatiwa kaya ayi. Simufunika siginecha ya mwamuna kuti mukhale mwini puloti. Ngati mukumanga limodzi ndi amuna anu, palibe cholakwika, koma maina onse awiri alembedwe. Akakana, mwaphunzirapo kanthu ndalama zisanapite. N'zoona kuti lamulo la maukwati la 2015 limati banja likatha khoti liziona zimene aliyense anaikapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo, koma kukafika kukhoti ndi ulendo wautali, ndipo kumeneko adzakufunsani umboni. Choncho lipirani kudzera kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kuti pakhale potsalira. Malisiti a simenti, a malata, a mmisiri, ajambuleni musunge pa imelo yanu, osati pafoni pokha, foni imabedwa. Mita ya ESCOM ndi ya madzi zikhale m'dzina lanu.

Tibwere ku ndalama zomangira, chifukwa apa ndi pamene timasiyana maganizo ndi alangizi ambiri a pa intaneti amene amati tengani ngongole, alendi ndi amene azibweza. Zimenezo mwina zimatheka ku London. Kuno tiyeni tiwerengere. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo a kwanu. Tinene kuti puloti ndi mdadada wa zipinda zinayi, chimbudzi ndi bafa, zonse zadya K12 miliyoni. Chipinda chilichonse mukulipiritsa K30,000 pamwezi. Pachaka ndi K1,440,000. Chotsanipo miyezi iwiri pa chipinda chilichonse imene mulibe munthu kapena munthu sanalipire, zatsala K1,200,000. Chotsaninso K120,000 yokonzera zitseko, maloko ndi kupaka laimu, zatsala K1,080,000. Ndiye kuti pa K100 iliyonse imene munaika, pachaka mukupeza K9, ndipo ndalama zanu zidzabwerera pakatha zaka pafupifupi 11. Tsopano yerekezani kuti K12 miliyoniyo munakongola pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti. Chaka choyamba chiwongoladzanja chokha ndi K3.6 miliyoni, kuposa katatu zimene nyumba ikubweretsa, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze n'komwe. Ndipo 30 peresentiyo sitinaitole m'mwamba: mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaonjezera pamenepo akamakongoza ife. Za katapila ndiye tisakambe, ameneyo amadya nyumba ndi puloti yomwe.

Mwina mukufunsa kuti nanga ngati phindu lake ndi lochepa chonchi, tikuvutikiranji? Chifukwa kwacha yathu simakhala malo amodzi. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anasunga ndalama m'chikwama kapena mu akaunti wamba anadzuka ali osauka. Amene anali atagula kale malata ndi simenti anadzuka katundu wake atakwera mtengo. Nyumba ya lendi ndi nkhokwe: simakulemeretsani chaka chino, koma imasunga thukuta lanu kuti lisasungunuke, ndipo lendi mumatha kuikweza zinthu zikakwera. Amene akufuna ndalama yozungulira msanga achite geni, ya nthochi, ya kaunjika, ya chilichonse. Geniyo ndi imene imamanga nyumba, osati nyumba kumanga geni.

Njira imene taona ikugwira ntchito kwa akazi ngati ife ndi ya pang'onopang'ono. Chipereganyu chikakugwerani, tsiku lomwelo gulani zipangizo, ndalama isagone m'nyumba, chifukwa ikagona kumabwera maliro, chinkhoswe ndi mlamu wodwala. Banki mkhonde ikagawana mu Disembala, imeneyo ndi ya malata. Ngati kuntchito kwanu kuli SACCO, lowani. Ngongole yake nthawi zambiri imakhala yopepukirapo ndipo masheya anu amabala. Ngongole ili ndi malo ake, koma ndi kumapeto: pamene chatsala ndi zitseko ndi pulasitala kuti munthu alowe ayambe kulipira, ndipo mukutha kuibweza ndi malipiro anu ngakhale chipinda chitakhala chopanda munthu. Malizani zipinda ziwiri, mulowetse anthu, lendi yawo ithandize kumanga zinazo. Zipinda ziwiri zofolera zimaposa zipinda zisanu ndi chimodzi zimene zaima pawindo zaka zitatu, njerwa zikusungunuka ndi mvula ya ku Thyolo.

Mvula tatchulayi musaipeputse. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsa zowawa ku Thyolo, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chilobwe. Dera lathu ndi la zitunda ndi zigwa. Puloti ya m'munsi mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje ndi yotchipa pa chifukwa chake. Pa maziko musaumire simenti, ndipo ngalande yochotsa madzi kuseri kwa nyumba ikumbidwe nthawi yomanga. Mmisiri mumulipire potengera gawo limene wamaliza, maziko akatha, pawindo pakafika, denga likakwera, ndipo musamupatse ndalama ya zipangizo m'manja. Gulani nokha, kapena lipirani kusitolo mwachindunji, wina wosiyana ndi mmisiriyo aziwerenga matumba.

Koma musanakumbe n'komwe, dzifunseni: adzakhalamo ndani? Funso limeneli ambiri timalifunsa nyumba itatha. Kudera la maesiteti ntchito imayenda ndi nyengo. Tiyi amachuluka nthawi ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo m'pamene maesiteti amalemba anthu ambiri aganyu. Chilimwe chikafika ambiri amaimitsidwa. Ngati alendi anu onse ndi othyola tiyi a nyengo, dziwani kuti miyezi ina zipinda zidzakhala zopanda anthu kapena anthu adzakhalamo opanda cholipira, ndipo muwerengeretu zimenezo. Aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, anamwino ndi apolisi amalandira mwezi ndi mwezi, koma amafuna magetsi, madzi pafupi, chimbudzi chabwino ndi mpanda. Ku Makwasa kuli chipatala cha Malamulo ndi sukulu yake ya zaumoyo. Ku Ndata, kufupi ndi Goliati, kuli yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa mu 2014. Ophunzira amalipira bwino pa bedi, koma patchuthi amapita kwawo. Ku Luchenza, ku Bvumbwe ndi pa boma pali amalonda. Kwanu kukhoza kukhala kwa Khwethemule, mtima uli komweko, koma ngati pamudzi panu palibe wolipira lendi, mangani pamene pali anthu. Pitani mukafunse zipinda zoyandikana kuti amalipira zingati ndiponso kuti zimakhala nthawi yaitali bwanji zopanda munthu.

Nyumba yatha, anthu alowa. Ntchito ina yayamba, ndipo kwa mkazi, makamaka wachitsikana, ili ndi zake. Alendi ena aamuna amaona ngati landilodi wamkazi ndi wongomunyengerera: "Aaa, sisi, mwezi uno mundimvetse." Achibale ndiye amaposa. Msuweni akalowa m'chipinda ndi mawu akuti "ndizilipira ndikapeza ntchito", chipinda chimenecho mwachipereka mphatso, ndipo tsiku lomutulutsa mudzaitanidwa kubwalo la banja ngati wolakwa ndinu. Ife timati wachibale muthandizeni ndi ndalama ngati muli nazo, koma chipinda cha lendi chikhale cha lendi.

Aliyense wolowa asaine pangano, ngakhale la tsamba limodzi, m'Chichewa: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, ndalama ya chikole cha zowonongeka, ndani akulipira magetsi ndi madzi, ndi notisi ya nthawi yaitali bwanji mbali zonse ziwiri. Lendi izibwera pafoni kapena kubanki, molunjika kwa inu, ngakhale muli ku Cape Town. Woyang'anira pamalopo mumulipire kake kodziwika, koma ndalama ya lendi isadutse m'manja mwake. Mayunitsi a magetsi ndi amene amayambanitsa anthu pamdadada kuposa china chilichonse, wina ali ndi mbaula ya magetsi wina ali ndi babu limodzi, choncho ngati mungathe chipinda chilichonse chikhale ndi kamita kake. Lendi ya mwezi umodzi pachaka muziika padera, ya tsiku limene chimbudzi chidzadzadze. Ndipo dziwani kuti kwa a MRA ndalama ya lendi ndi phindu ngati lina lililonse. Ngati mukubwereketsa nyumba kwa kampani kapena bungwe, iwo amadula msonkho asanakupatseni, ndiye muzitenga chikalata chosonyeza kuti anadula.

Munthu akasiya kulipira, musazule chitseko, musachotse malata, musatulutse katundu wake panja mvula ikugwa. Tikudziwa kuti ndi zimene malandilodi ambiri amachita, ena a ife zinatichitikirapo tili ana ndipo sitinaiwale. Kupatula kuti ndi nkhanza, zikhoza kukugwetserani inuyo m'mlandu. Perekani notisi yolemba, itanani mboni, zikakanika pitani kwa amfumu kapena kukhoti la majisitireti.

Pali chifukwa china chimene ife, monga gulu la amayi, tikufunira akazi ambiri akhale eni nyumba kudera la tiyi. Mu 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana zolipira amayi 36 amene anakasuma ku London kuti anachitidwa nkhanza zogonana m'maesiteti ake a ku Thyolo ndi ku Mulanje, ngakhale kampaniyo sinavomere mlandu. Taganizani mayi amene ntchito yake ndi ya nyengo, ndipo nyumba imene akugona ndi ana ake ndi ya kuntchito komweko. Kapitawo akamuopseza, mayiyo akuopa kutaya zinthu ziwiri nthawi imodzi. Chipinda cha lendi kunja kwa esiteti, chokhala ndi loko wolimba, babu la panja, bafa lotseka bwino, ndi landilodi amene sadzagogoda usiku kuti "tikambirane za lendi ija mwanjira ina", kwa mayi ameneyo ndi chinthu chachikulu. Tikamamanga tiziganiza za iyeyo. Ndipo woyang'anira amene mwamuika pamalopo, kaya ndi mchimwene wanu, alendi aakazi akhale ndi nambala yanu yoti akuuzeni akayamba zachilendo.

Chotsala ndi chimene timachiopa kutchula: wilo. Ambiri timati ndikadali mwana, kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Koma tonse taonapo maliro asanathe n'komwe anthu akufunsana makiyi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu, ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, komabe wilo ndi imene imatseka pakamwa msanga. Silira loya wodula: mulembe momveka kuti nyumba ya pamalo akutiakuti idzakhale ya ndani ndipo lendi yake izidzalipira fizi ya ndani, musaine pamaso pa mboni ziwiri zimene sizikulandirapo kanthu, nazonso zisaine, ndipo kope imodzi isungidwe kunja kwa banja. Ngati nyumba kapena puloti yanu yalandidwa kale, kaya ndi achimwene, kaya ndi akuchimuna, a Legal Aid Bureau alipo, a WOLREC ku Blantyre aliponso, ndipo mukamapita tengani malisiti aja ndi mameseji onse a ndalama zimene munatumiza.

Amene muli kale ndi puloti kumudzi, sabata ino imbani foni, muwauze akujambulireni pepala la malowo mbali zonse ziwiri, muwerenge dzina limene lalembedwapo.